Tchalitchi chakale cha ku Escomb: zolemba za paulendo

Lachiwiri

Sitima yochokera ku Darlington imathera pa Bishop Auckland, tauni ya ku County Durham, kumpoto chakum'mawa kwa England. Kuchoka apo kukafika ku Escomb ndi makilomita awiri ndi theka okha chakumadzulo, ndiye ndangosiya chikwama kogona n'kuuyamba wapansi. Chakumapeto msewu umatsetsereka kulunjika kumtsinje wa Wear, ndipo mudziwo uli m'munsimo. Nyumba zake n'zamasiku ano, zomangidwa mozungulira bwalo la kapinga. Pakati pa bwalolo pali mpanda wamiyala wotchinga manda, ndipo pakati pa mandawo ndi pamene pali chimene ndadzera.

Ndi tchalitchi chaching'ono zedi. Chilibe nsanja, chilibenso zokongoletsa zoti munthu n'kuimitsa galimoto. Chimene chimayamba kukopa maso ndi msinkhu wake: n'chachitali koma chopapatiza, miyala yake yakuda bii m'malo ena, timazenera tating'ono tili m'mwamba moti sungasuzumirepo ngakhale utanyang'ama. Akatswiri amati chinamangidwa pakati pa 670 ndi 675, dera lino lili mu ufumu wa Northumbria. Cuthbert woyera, bishopu wotchuka wa dera lino amene manda ake ali m'tchalitchi chachikulu cha ku Durham, anamwalira mu 687. Ndiye kuti makoma awa anaimikidwa iyeyo akadali moyo. Mpingo wa ku England unadzapatukana ndi Roma mu 1534, nyumbayi itapemphereredwamo kale zaka zoposa 850.

Ndafika dzuwa litapendeka, choncho lero ndangozungulira kunja. Pakhoma lakumwera, m'mwamba ndithu, pali mwala woonera nthawi ndi mthunzi wa dzuwa. Uli ndi mizere yochepa chabe, chifukwa ntchito yake sinali youza anthu maola onse a tsiku koma nthawi za mapemphero basi. Pamwamba pake anasemapo chinyama chonga njoka chitapinda msana. Pakhonde palinso mwala wina wa ntchito yomweyo, wa m'ma 1600, koma umenewo ndi mwana poyerekeza ndi winawo.

Kumpoto, kumene dzuwa silifika bwino, ndayang'anayang'ana mpaka ndaupeza mwala umene aliyense amabwera kudzaufuna. Palembedwa kuti LEG VI, chizindikiro cha gulu lachisanu ndi chimodzi la asilikali a Aroma, ndipo anauika chadodolido. Mmisiri amene anaunyamula sankafuna zolembedwazo. Ankafuna mwala wosemedwa kale, wokwana pamene panali mpata.

Mpanda wa manda nawo uli ndi nkhani yake. Ndi wozungulira, osati wa ngodya zinayi, ndipo ambiri amauona ngati chizindikiro cha akhristu a mwambo wa ku Ireland ndi chilumba cha Iona ku Scotland, amene anafalitsa uthenga m'dera lino kudzera ku nyumba ya amonke ya pachilumba cha Lindisfarne. Msonkhano wa ku Whitby wa mu 664 unagamula zoti Northumbria itsate mwambo wa ku Roma, ndipo tchalitchichi chinamangidwa patangopita zaka zochepa chigamulireni nkhaniyo.

Lachitatu

Kiyi amasungidwa panyumba ina yapafupi, ndipo chikwangwani cha pageti chimalongosola kokamutenga. Ndikutsegula geti ndinakumana ndi mayi ena achikulire atanyamula maluwa opita nawo pamanda.

"Mwadzera tchalitchi chathu, eti?"

"Eya, mayi."

"Mukalowa muyambe mwakhala pansi. Maso azolowere kaye, kenako muzidzayang'ana m'mwamba."

Ndinachitadi zomwezo, ndipo ananena zoona. Mkatimu makoma ndi opakidwa njereza, ndiye kuwala kochepa kumene kumalowa kumamwazika bwino. Malo okhala mpingo ndi otalika mamita 13 ndi pang'ono, m'lifupi mamita anayi ndi theka sakwana, koma kukafika kudenga ndi pafupifupi mamita asanu ndi awiri. Kachipinda ka guwa ndi ka mamita atatu mbali zonse. Ukakhala pabenchi yakumbuyo, makoma awiriwo amakukankhira maso kutsogolo, ku khomo lalitali lokhota pamwamba limene limalekanitsa mpingo ndi guwa.

Khomo limeneli ndakhala nalo nthawi yaitali. Miyala ya pokhotapo ndi yosemedwa mwaluso, iliyonse yopyapyala kumunsi, yotakata kumwamba, yogwirana bwino lomwe moti imadzichirikiza yokha. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti linali khomo la nyumba ya Aroma, ndipo analiphwasula mwala umodziumodzi n'kudzalilumikizanso kuno. Kunsi kwake kukuonekabe utoto wozilala wa maluwa opiringizana amene anajambulidwa zaka mazana angapo pambuyo pake. Koma m'mbali mwa khomolo ndi mmene muli dzanja la amisiri a kuno eniake. Anaika mwala wina choimirira, wotsatira chogona, wina choimirira, wina chogona, mpaka pamwamba. Wogonawo umalowa mkati mwa khoma n'kumanga mphuthu kuti isapatuke. Kamangidwe kameneka kamapezeka m'matchalitchi ena akale a ku England, ndipo ophunzira za zomangamanga amakatchula ndi dzina la mudzi uno.

Mazenera oyambirira alipo asanu: awiri kumwera okhota pamwamba, awiri kumpoto a ngodya zinayi, ndi limodzi m'mwamba pakhoma lakumadzulo. Kunja ndi ting'onoting'ono, koma mkati anawasema motambasuka kuti kuwala kuzilowa kochuluka, mphepo yochepa. Amene anazolowera chisanu cha kuno ankadziwa chimene akuchita. Mibadwo yotsatira inaona kuti mdima wachuluka, ndiye inaboola mazenera ena: aatali osongoka m'ma 1200, ndi ena aakulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Aakuluwo ineyo sanandisangalatse, akuoneka kuti ndi obwera. Komabe sindingawadzudzule anthuwo. Pofika nthawi imeneyo mpingo unali ndi mabuku a mapemphero m'manja, ndipo munthu sangawerenge mumdima.

Kuseri kwa guwa kuli mwala wosemedwapo mtanda, wakale kwambiri. Pansi, chakutsogolo, pali mwala wakuda wovindikira manda wochokera ku Frosterley, kumtunda kwa mtsinje womwewu wa Wear. Ndinagwada kuti ndiuonetsetse. M'kati mwa kuda kwakeko muli timizeremizere toyera tozungulira, ndipo timeneti ndi zamoyo za m'nyanja zimene zinasanduka mwala kalekale. Mwala wa mtundu womwewu ndi umene anasemera nsanamira zina zokongola za m'tchalitchi chachikulu cha ku Durham. Chakumbuyo kuli mwala wobatiziramo wa mbali zisanu ndi zitatu, ndi kachigawo ka pansi kowakidwa ndi timiyala ta kumtsinje, kamene akuti n'kotsala pa pansi pakale.

Pambali pa zenera lina lakumpoto pali mwala winanso wa Aroma, wogonekedwa cham'mbali, wokhala ndi mawu a Chilatini otamanda munthu wobadwira ubwino wa dziko. Ndinaufuna nthawi ndithu, chifukwa zilembo zake zimaoneka pokhapokha kuwala kukabwera chopendekera.

Ndabweza kiyi zala zitachita dzanzi. Makomawa ndi ochindikala kuposa theka la mita, ndipo amasunga kuzizira.

Lachinayi

Lero ndapita kumene miyala inachokera. Binchester ili chakumpoto kwa Bishop Auckland, pachitunda choyang'ana mtsinje wa Wear. Aroma ankaitchula kuti Vinovia. Anamangapo linga cha m'ma 80 AD, pa msewu waukulu wa Dere Street umene unkachokera ku York kulowera kumpoto. Gulu la asilikali lija la pamwala wa ku Escomb linali ndi likulu lake ku York kuyambira cha m'ma 122.

Zambiri zili pansi pa minda, koma nyumba yosambira inafukulidwa ndipo imaonetsedwa. Pansi pake m'poimikidwa pa timizati ta njerwa, kuti mpweya wotentha wochokera ku ng'anjo uzidutsa kunsi n'kumafunditsa chipinda. Chimene ndimafuna kuona makamaka ndi nkhope za miyala. Amisiri a Aroma ankaikanda ndi chisemero mizere yopingasana, yopanga timabwalo tosongoka. Dzulo ndinaona mizere yomweyo pamakoma a ku Escomb, mwala uwu uli nayo, woyandikana nawo ulibe, wina uli nayo koma yapendekera kwina. Utaona malo awiriwa motsatizana sufunikanso wina woti akutsimikizire.

Ulamuliro wa Aroma ku Britain unatha cha m'ma 410. Pofika 670, linga lino linali litakhala bwinja kwa mibadwo ingapo. Anthu a nthawi imeneyo ankamanga ndi mitengo, ngakhale nyumba za mafumu, ndipo luso lophwanya ndi kusema miyala linali litazilala. Ndiye bwinja ngati ili linali chuma: miyala yokonzakonza, yongofunika ngolo ndi ng'ombe. Ndaimirira pachitundapo n'kuyang'ana kumene kuli Escomb. Ndi makilomita ochepa, koma kwa munthu wokoka miyala yokwana khoma la mamita asanu ndi awiri si pafupi ayi. Munthu amene analamula ntchito imeneyi anali ndi mphamvu ndi anthu omumvera, komabe dzina lake silinalembedwe paliponse.

Pano m'pamenenso pakulowera munthu amene anathandiza kupulumutsa tchalitchichi. Wansembe R. E. Hooppell, wa parishi ya Byers Green, anafukula malo ano chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870. Maso ake anali atazolowera miyala ya Aroma, ndipo iye ndi mmodzi mwa amene anazindikira ndi kulengeza ukale weniweni wa kanyumba kogumuka ka ku Escomb.

Lachisanu

Ndakwera sitima kupita ku Jarrow, m'mbali mwa mtsinje wa Tyne, kukaona m'bale wake wa Escomb. Chipinda cha guwa cha tchalitchi cha St Paul kumeneko chinali tchalitchi pachokha m'masiku a amonke, ndipo timazenera take takumwera tikufanana kwambiri ndi tija ndinaona Lachitatu. Kusiyana kwake n'kwakuti Jarrow ili ndi umboni wolembedwa. Mwala wa tsiku lopatulira ulipobe, wa pa 23 Epulo 685, wotchula mfumu Ecgfrith ndi mkulu wa amonke Ceolfrith. Tikudziwanso kuti Benedict Biscop, amene anayambitsa nyumba ya amonke ya ku Monkwearmouth mu 674, anaitanitsa amisiri a miyala ndi a magalasi kuchokera ku Gaul, kumene lero ndi ku France.

Za Benedict Biscop anatilembera ndi Bede, mmonke wa ku Jarrow amene anamwalira mu 735. Za Escomb sanalembe kanthu. Dzina la mudziwu limayamba kuoneka m'zolembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 900, pa nkhani ya malo a mpingo m'nthawi ya Bishopu Aldhun, yemwe uja anafikitsa thupi la Cuthbert ku Durham mu 995.

Pobwerera ndatsika ku Durham kwa kanthawi. Tchalitchi chachikulu cha kumeneko chinayamba kumangidwa mu 1093, ndipo cha Aldhun chimene chinalipo kale anachigwetsa. Kumene kunali ndalama ndi maso a akuluakulu, chakale chinkagwetsedwa kuti pabwere chachikulu. Escomb inali nthambi chabe ya parishi ya St Andrew ku Auckland, mudzi wa alimi ochepa, ndipo panalibe amene anaona chifukwa chowonongerapo ndalama.

Loweruka

Ndayenda wapansi kuchoka ku Escomb kupita ku Witton Park, mudzi woyandikana nawo chakumadzulo. Lero kuli zii, minda ndi mitengo, koma kuno n'kumene kunachokera mavuto a tchalitchi chija. Njanji ya Stockton ndi Darlington, imene inatsegulidwa mu 1825, inayambira pa migodi ya malasha ya dera lino. Mu 1846 kampani ya Bolckow ndi Vaughan inatsegula fakitale yosungunula chitsulo ku Witton Park. Anthu anakhamukira kuno kudzafuna ntchito, ochokera ku Wales, ku Ireland ndi kwina, ndipo midzi imene inali ya mabanja owerengeka inadzaza.

Tchalitchi chakale chinkakwana anthu 65 okha. Mu 1848 anamanga nyumba ya wansembe pamwamba pa chitunda, ndipo mu 1863 anatsiriza tchalitchi chatsopano chachikulu cha St John chakomweko. Mpingo unasamuka. Pofika 1867 mbali ina ya denga la chakalecho inali itagwa. Nyumba imene inapirira zaka pafupifupi 1,200, nkhondo za ma Viking, kubwera kwa a Norman, kusintha kwa chipembedzo, inatsala pang'ono kutha m'zaka zinayi zokha chifukwa anthu anasiya kulowamo. Izi zimandiwawa ndikaziganizira. Sindikuti analakwa kumanga chachikulu, anthu anali atachulukadi ndipo anafunika pokhala. Chimene chimandipweteka n'chakuti sanadziwe chimene anali nacho. Kwa iwo kanali kanyumba kozizira, kamdima, kochititsa manyazi pamaso pa alendo.

Kukonzanso kunachitika pakati pa 1875 ndi 1880, motsogoleredwa ndi katswiri wa mapulani R. J. Johnson, ndipo ndalama zake, zoposa pang'ono mapaundi 500, zinali zosonkha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo apa linali denga lenileni. Mu Okutobala 1880 Bishopu wa Durham, Joseph Lightfoot, anabwera kudzalalikira pa mwambo wotsegulanso. Johnson ndimamuyamikira pa chinthu chimodzi. Inali nthawi imene okonza matchalitchi ambiri ku England ankati akagwira nyumba yakale, ankaisintha mpaka mwini wake osaizindikira. Kuno anabwezeretsa zogumuka koma nyumbayo sanaisinthe maonekedwe.

Komabe chakalecho sichinabwerere pamalo pake msanga. Munalibe magetsi kapena chofunditsira, choncho kwa zaka zambiri ankapemphereramo mwa apo ndi apo, makamaka nyengo yotentha. Parishi inali ndi nyumba ziwiri, thumba limodzi. Kenako zinthu zinatembenuka. Fakitale ya chitsulo inatsekedwa, migodi inatha, anthu anabalalika. Mu 1951 mapulani a boma la County Durham anaika midzi yambiri ya migodi m'gulu lotchedwa D, kutanthauza midzi yoti isalandirenso chitukuko, ingofota yokha, ndipo Witton Park inali m'gulu limenelo. Tchalitchi cha St John chinayamba kukula kuposa mpingo wake, nacho chikufuna ndalama zambiri zokonzera.

M'zaka za m'ma 1960 mpingo unayenera kusankha, ndipo unasankha chakale. Anakokeramo magetsi ndi zofunditsira. Mu 1968 ofukula zakale anakumba mozungulira n'kupeza maziko a chipinda china chimene chinali kumadzulo ndi kena kakang'ono kumpoto kwa guwa. Pobwerera madzulo ano ndapita kukayang'ana khoma lakumadzulo, ndipo chipsera cha pamene panagundana denga la chipindacho chikuoneka bwinobwino, mizere iwiri yokumana pamwamba. Tchalitchi cha St John anachigwetsa mu 1971, chitakhala zaka 108.

Lamulungu

Ndapita ku mapemphero. Ndinkaopa kuti ndikapeza alendo ojambula zithunzi okhaokha, koma ayi, ndi mpingo wa m'mudzi, anthu odziwana maina, ambiri a imvi. Wina anandipatsa buku pakhomo n'kundilozera pokhala. M'nyumba yopapatiza chonchi simufunika chokuzira mawu. Nyimbo imakwera m'mwamba n'kubwerera, ndipo anthu ochepa amamveka ngati ambiri. Popita kukalandira Mgonero tinadutsa mmodzimmodzi pansi pa khomo lija la Aroma, phewa kutsala pang'ono kukhudza mwala.

Titatuluka ndinacheza ndi bambo ena amene amathandiza kusamala nyumbayi. Ndinawafunsa ngati boma ndi limene limalipira, poti tchalitchichi chili m'gulu loyamba la nyumba zotetezedwa ndi lamulo.

"Ayi, achimwene," anatero. "Kutetezedwako kumatanthauza kuti sitingachite zofuna zathu. Koma bilu ikabwera imabwera kwa ife."

Ndi mmene zilili mu mpingo wa ku England. Udindo wosamala tchalitchi cha parishi uli m'manja mwa khonsolo ya parishiyo, anthu wamba osankhidwa ndi mpingo pamodzi ndi wansembe wawo. Pa zaka zisanu zilizonse katswiri amayenera kudzayendera nyumba yonse, denga, ngalande za madzi a mvula, makoma, n'kulemba zofunika kukonza, lamulo limene linayamba mu 1955. Kusintha chilichonse chachikulu kumafuna chilolezo cha khoti la dayosizi. Mabungwe ena amathandiza ndi ndalama, koma pamafunika munthu woti akhale pansi n'kulemba makalata opempha, ndipo munthuyo amakhala wongodzipereka. Ngakhale dothi lomatira miyala sagula lililonse. Pamakoma akale ngati awa amagwiritsa ntchito laimu, chifukwa simenti ndi youma kwambiri, imatsekera chinyezi mkati, ndipo chisanu chikabwera mwala ndi umene umayamba kusweka.

Bambowo anandizungulitsa kumpoto n'kundionetsa pamene madzi amakonda kudikha mvula ikagwa, ndi ngalande imene amachotsamo masamba nthawi ya kugwa kwa masamba isanathe. Anati ntchito yaikulu ya chaka ndi imeneyo, kuonetsetsa kuti madzi akuchoka padenga n'kupita kutali ndi maziko. Ndinaponya chopereka changa m'bokosi la pakhomo, ndinalemba dzina m'buku la alendo, ndipo iwo anatsalira akuzimitsa zofunditsira ndi kuwerenga za m'mbale pamodzi ndi mnzawo, monga lamulo la parishi limafunira kuti owerenga ndalama akhale awiri.